Mwana amayamba liti kulankhula, nanga kuchedwa kwenikweni n'kuti?

Pa benchi ya kusikelo nkhani imeneyi sichedwa kubuka. Mayi wina mwana wake wa chaka ndi miyezi iwiri akuitana kale agogo, pomwe wa mnzake wakwanitsa zaka 2 koma akungoloza ndi chala n'kumati "mmm". Kunyumba apongozi akuti asiyeni, bambo akenso anachedwa chomwechi. Mukatsegula foni mupeza mindandanda iwiri yosemphana. Wina ukuti mwana wa zaka 2 azitchula mawu 50, wina ukuti mawu 50 ndi a mwana wa zaka 2 ndi theka, ndipo yonse iwiri inalembedwa ndi akatswiri. Kuti tione pamene yasiyanira, tiyambe talekanitsa zinthu zimene timazitchula ndi dzina limodzi.

Kumva, kumvetsa ndi kutchula

Tikamati mwana sakulankhula timaphatikiza zinthu zitatu. Choyamba ndi khutu, ngati mawu akumufika. Chachiwiri ndi chinenero chimene chili m'mutu mwake, kutanthauza kudziwa kuti "chikho" ndi chiyani ndi kutha kulumikiza mawu kuti apange ganizo. Chachitatu ndi katchulidwe, ntchito ya milomo, lilime, m'kamwa ndi mpweya. Taganizani za woimba ng'oma. Nyimbo ili m'mutu, manja ndiwo amaitulutsa. Wina nyimbo akuidziwa koma manja sanakhwime, wina manja ali bwinobwino koma nyimboyo sanaimvepo. Awiriwa sangathandizidwe mofanana.

Kumvetsa kumatsogola nthawi zonse. Mwana wa chaka chimodzi amene akutchula liwu limodzi kapena awiri amakhala akumva mawu ochuluka kuposa pamenepo. N'chifukwa chake wodziwa ntchitoyi amayamba wafunsa zimene mwana amamva, asanafunse zimene amanena. Kunyumba mungayese motere. Ikani chikho, nsapato ndi supuni pamphasa, kenaka nenani kuti "ndipatse supuni" osailoza, osaiyang'ana, manja ali pamiyendo. Makolo ambiri amalephera apa, chifukwa maso awo amathamangira pa supuni ndipo mwana amangotsatira masowo. Mwana wa chaka ndi theka ayenera kutha kamayeso aka.

Khutu limasankha chinenero

Mwana amayamba kumva ali m'mimba, m'miyezi itatu yomaliza. Mawu enieni samveka bwino m'menemo, koma kukwera ndi kutsika kwa liwu kumadutsa, ndipo akabadwa amazindikira liwu la mayi ake pakati pa amayi ena.

Mu 1984 Janet Werker ndi Richard Tees a ku Canada anaonetsa chinthu chimene chinasintha kaganizidwe pa nkhaniyi. Ana a m'mabanja olankhula Chingerezi, a miyezi 6 mpaka 8, ankatha kusiyanitsa mamvekedwe a Chihindi amene makolo awo sankawasiyanitsa. Pofika miyezi 10 mpaka 12 ambiri anali atasiya. Zili ngati tinjira ta m'tchire: koyamba ndi tambiri, koma timene anthu sapitamo timamera udzu, todutsamo tsiku lililonse n'kusanduka msewu. Mwana wa kwathu kuno amasunga njira yosiyanitsa "pala" ndi "phala", komanso kamvekedwe kamene kamalekanitsa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika. Njira yosiyanitsa l ndi r imamera udzu, popeza m'Chichewa kusinthanitsa awiriwa sikusintha tanthauzo. Zonsezi zimachitika mwana asananene liwu ndi limodzi lomwe.

Makwerero ake

Msinkhu umasiyana mwana ndi mwana, koma ndondomeko yake ndi imodzi m'zinenero zonse zimene zafufuzidwa.

M'masabata oyamba ndi kulira basi, komanso kudzidzimuka chitseko chikamenyetseka. Pa miyezi 2 amayamba timawu tofewa ta "aaa" ndi "uuu", makamaka akakhuta, ndipo amamwetulira mukamulankhula. Pa miyezi 4 amaseka ndi kutembenukira kumene kukuchokera liwu. Chofunika kuchiona pamenepa ndi kusinthana: inu mwanena, iye wayankha ndi kaphokoso kake, n'kukhala chete kudikira. Kumeneko ndiye kucheza koyamba.

Pakati pa miyezi 6 ndi 10 pamabwera maphatikizo obwerezabwereza, "bababa", "mamama", "dadada". Pamenepa m'pofunika kuikapo maso kuposa pena paliponse m'chaka choyamba. Mwana wosamva nayenso amalira, amaseka, amachita "aaa" ngati anzake, ndiye makolo saona chachilendo. Amasiyana ndi anzake pa maphatikizowa, chifukwa kuti atuluke bwino mwana ayenera kumadzimva yekha. Kafukufuku wa Kimbrough Oller ndi Rebecca Eilers wa 1988 anapeza kuti ana akumva anali atayamba pofika miyezi 10, pomwe ana osamva anayamba mochedwa. Ndipo ana osamva amene makolo awo amalankhula ndi manja amachita zofananazo ndi zala, kubwereza tizizindikiro topanda tanthauzo, monga anaonetsera Laura Petitto mu 1991. Chimene ubongo ukufuna ndi chinenero, kaya chidzera pakamwa kaya m'manja.

Kuyambira miyezi 9 mpaka chaka mwana amatembenuka mukamuitana dzina, amakweza manja kuti mumunyamule, amabayibitsa, amaima kaye mukati "ayi". Kenaka amayamba kuloza. Kuloza kulipo kuwiri ndipo kumasiyana kulemera. Kwina n'kopempha, monga kuloza nthochi. Kwina n'koonetsa: waona nkhuku, wailoza, n'kucheukira kwa inu kuti aone ngati nanunso mwaiona. Sakufuna nkhukuyo, akufuna muione naye limodzi. Kuloza kwachiwiriku kumayembekezeka pofika chaka ndi theka, ndipo kukasowa akatswiri amada nkhawa kuposa mmene amadera ndi kuchepa kwa mawu.

Liwu loyamba limabwera cha pa chaka chimodzi. Pa chaka ndi theka ana ambiri amakhala ndi mawu angapo mpaka makumi angapo. Pa zaka 2 amalumikiza awiri, "amama bwera", "madzi ayi". Pa zaka 3 amacheza nanu mobwezerana ndipo mafunso a "ndani" ndi "chifukwa chiyani" satha. Za katchulidwe pali muyeso wakale wosavuta kukumbukira: mlendo amve theka la zimene mwana wa zaka 2 akunena, magawo atatu mwa anayi pa zaka 3, pafupifupi zonse pa zaka 4. Mlendo, osati mayi. Mayi amamva ngakhale zosamveka.

Liwu ndi chiyani, makamaka m'Chichewa?

Makolo ambiri amawerenga mawu a mwana moperewera chifukwa amadikira kuti atchule bwino. Liwu ndi kamvekedwe kalikonse kamene mwana amakagwiritsa ntchito yekha, mobwerezabwereza, pa chinthu chomwecho. Akati "tima" nthawi zonse akaona nsima, ndi liwu. Akati "mee" akaona mbuzi, ndi liwu. Koma "mamama" wongosewera ndi milomo si liwu, kufikira tsiku limene adzanene akuyang'ana mayi ake. Kungobwereza zimene mwanena kumene sikuwerengedwanso.

M'Chichewa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto ndilo limatalika, ndipo ana amagwira maphatikizo awiri omalizawo n'kutaya akutsogolo. Galimoto imasanduka "moto", chimanga "manga". Si ulesi ayi. Katherine Demuth, amene anatsatira ana olankhula Chisotho ku Lesotho, anaona njira yomweyi: poyamba ana amasiya kaphatikizo koyambirira ka dzina, kenaka amaikapo kaliwu kosamveka bwino, ndipo pofika zaka pafupifupi 3 amakatchula konse pamodzi ndi agwirizanitsi ake. Chodabwitsa n'chakuti magulu a mayina, amene amazunza akuluakulu ophunzira zinenero zathu, ana sawasokoneza kawirikawiri. Za Chichewa chenicheni, Moira Chimombo ndi Al Mtenje a ku Chancellor College analemba mu 1989 za mmene ana amaphunzirira kukana m'chiganizo, pamene kukwera ndi kutsika kwa liwu kumagwira ntchito yaikulu.

Apa pali msampha kwa wogwiritsa ntchito mndandanda wa Chingerezi. "Sindifuna" timalemba ngati liwu limodzi, koma muli kukana, muli mwini wake, muli mneni, zimene m'Chingerezi zimafuna mawu atatu. Mwana amene lero akuti "ndifuna", mawa "sindifuna", mkuja "akufuna" wayamba kale kumanga ziganizo, ngakhale wowerenga mawu anena kuti akadali pa liwu limodzilimodzi.

Kumene mindandanda imachokera

Mchitidwe wolemba zimene mwana amachita pa msinkhu uliwonse unakhazikika ndi Arnold Gesell wa ku yunivesite ya Yale ku America m'zaka za m'ma 1920. Mu 1967 kunatuluka muyeso wa Denver, umene unafala m'zipatala za m'maiko ambiri. Njira yake ndi yofanana ndi ya mzere wa m'buku la kusikelo: amayeza ana ambiri n'kuona msinkhu umene ochuluka amafikira chinthu china. Funso ndi lakuti ochuluka ndi angati.

Apa ndi pamene mindandanda iwiri ija yasiyanira. Mu February 2022 bungwe la zaumoyo la boma la America, CDC, mogwirizana ndi bungwe la madokotala a ana la American Academy of Pediatrics, linasintha mndandanda wake. Wakale unkatchula zambiri zimene theka la ana limachita pa msinkhuwo. Watsopano umatchula zimene ana 75 mwa 100 alionse amachita. Mawu 50 anaikidwa pa miyezi 30, ndipo pa chaka ndi theka anangolembapo mawu atatu kapena kuposa, kupatula "mama" ndi "dada". Olemba ake anati muyeso wa theka unkachititsa madokotala kumangoti tidikire, popeza theka la ana abwinobwino linkaulephera, pomwe mwana wolephera muyeso watsopano ayenera kuyezedwa osazengereza. Akatswiri ambiri a kalankhulidwe sanagwirizane nazo. Iwo anakhala akutenga mwana wa zaka 2 wosafika mawu 50, kapena wosalumikiza mawu awiri, ngati wochedwa, ndipo anaopa kuti makolo adzataya miyezi 6 akuganiza kuti zonse zili bwino. Ana sanasinthe, unasuntha ndi mzere.

Malawi ali ndi muyeso wakewake. Muyeso wa Denver umafunsa zinthu monga ngati mwana amatha kudzikonzera chakudya cham'mawa cha m'paketi kapena kusewera makadi, zimene sizinena kanthu za mwana wa kumudzi. Melissa Gladstone ndi anzake a ku College of Medicine ku Blantyre ndi ku Liverpool anakonza Malawi Developmental Assessment Tool, MDAT mwachidule, atayeza ana 1,426 a m'midzi ya kuno. Unasindikizidwa mu 2010, uli ndi zoyesa 136 m'magawo anayi, limodzi mwa iwo la chinenero, ndipo lero ukugwiritsidwa ntchito m'maiko ena ambiri.

Amaphunzira motani?

Mu 1957 katswiri wa maganizo B. F. Skinner anati mwana amaphunzira potsanzira ndi kuyamikiridwa. Mu 1959 katswiri wa zinenero Noam Chomsky anatsutsa, nati ana amanena ziganizo zimene sanamvepo kwa munthu, choncho ubongo umabadwa wokonzekera chinenero. Mkanganowu sunathe, koma ofufuza ambiri lero amavomereza kuti mbewu ndi nthaka zonse zikufunika.

Za nthakayo, Patricia Kuhl ku Seattle anayesa mu 2003 ana a miyezi 9 a m'mabanja a Chingerezi. Gulu lina linasewera maulendo 12 ndi munthu wolankhula Chitchaina cha Mandarin, lina linaonera anthu omwewo pa kanema. Oyambawo anaphunzira kusiyanitsa mamvekedwe a chinenerocho, a pa kanema sanaphunzire kanthu. Kanema sayankha mwana akachita kaphokoso. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO mu 2019 linalangiza kuti mwana wosafika zaka 2 asamaikidwe pa foni kapena pa TV, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku.

Nanga mawu achuluke bwanji? Betty Hart ndi Todd Risley mu 1995, atatsatira mabanja 42 ku Kansas ku America, anati ana a m'mabanja osauka amamva mawu ochepa ndi mamiliyoni 30 pofika zaka 4 poyerekeza ndi a m'mabanja ochita bwino. Chiwerengerochi chinatchuka kwambiri, koma ena anachitsutsa chifukwa mabanja anali ochepa ndiponso sanawerenge mawu a anthu ena ozungulira mwanayo. Marisa Casillas atajambula mawu m'midzi ya Amaya ku Mexico anapeza kuti ana amalankhulidwa mwachindunji pang'ono, komabe maphatikizo, mawu oyamba ndi kulumikiza mawu zimabwera pa nthawi yake. Izi zikutikhudza, chifukwa mwana wa kuno amakhala kumsana tsiku lonse akumva zokamba za pachitsime ndi pamsika, ndipo nthawi zambiri womulankhula kwambiri ndi mkulu wake wa zaka 6.

Chimene mbali zonse zimavomereza ndi phindu la kubwezerana. Kumsana mwana amamva koma saona pakamwa, ndiye nthawi yomusambitsa ndi yomudyetsa phala ndi imene mumakhala maso ndi maso. Tchulani chimene iye akuyang'ana, osati chimene inu mukufuna ayang'ane. Mukanena, dikirani masekondi asanu. Akati "moto" akuloza msewu, musamuuze kuti walakwa, ingomubwezerani lathunthu mutawonjezerapo kamodzi: "eya, galimoto yapita". Mafunso a "ichi n'chiyani?" motsatizana amamutseka pakamwa.

Zinenero ziwiri pakhomo

Mwana wa ku Mangochi womva Chiyao ndi Chichewa, wa ku Mzuzu womva Chitumbuka, kapena wa ku Johannesburg womva Chichewa kunyumba ndi Chingerezi kusukulu, sachedwa chifukwa cha zimenezo. Powerenga mawu ake phatikizani a zinenero zonse. Kusakaniza m'chiganizo chimodzi si kusokonezeka, akuchita zimene amamva akulu akuchita. Mwana amene ali ndi vuto lenileni amalionetsa m'zinenero zonse, ndipo kumuchotsera chimodzi sikulithetsa. Kumangomulanda agogo ake.

Zimene zimalakwika

Choyamba kuyeza ndi khutu, nthawi zonse. Mwana mmodzi mpaka atatu mwa 1,000 amabadwa ndi vuto la kumva. Ena amalitenga pambuyo pa matenda oumitsa khosi, chikuku, chikasu chachikulu cha m'masiku oyamba, kapena mankhwala ena amphamvu monga gentamicin. Malungo okwera m'bongo amasiya ana ena ndi khunyu kapena atataya kalankhulidwe. Chofala kwambiri ndi khutu lotuluka mafinya, ndiponso madzi okhala kuseri kwa kachikopa ka m'khutu, amene sapweteka koma amachititsa mwana kumva ngati watseka makutu ndi zala. Khutu la mafinya lipite kuchipatala. Kunyumba liumitseni ndi kansalu koyera kopotedwa ngati chingwe cha nyale, katatu patsiku, osathiramo mafuta kapena madzi a masamba.

Kuomba m'manja kumbuyo kwa mwana si muyeso wodalirika. Akhoza kumva mphepo ya manjawo kapena kuona chithunzithunzi, ndiponso mwana womva phokoso lalikulu akhoza kukhala wosamva mawu a kucheza. Makina oyezera alipo: kachipangizo kamalowa m'khutu mphindi zochepa mwana ali m'tulo. Chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ABC Hearing Clinic ku Lilongwe ali ndi akatswiri a makutu. Maiko amene amayeza mwana aliyense amatsata muyeso wa 1, 3, 6: kuyeza pofika mwezi umodzi, kutsimikiza pofika itatu, kuyamba thandizo pofika 6. Kwa mwana wosamva, chinenero chamanja ndi chinenero chathunthu, ndipo sukulu monga za ku Mua, Embangweni ndi Maryview zakhala zikuphunzitsa ana otere kwa zaka zambiri.

Kupinimbira nakonso kumachedwetsa, ndipo kalembera wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza ana 37 mwa 100 osafika zaka 5 m'Malawi ali opinimbira. Mwana wobadwa masiku asanakwane muzimuchotsera nthawi imene anafulumira mpaka akwane zaka 2: wobadwa miyezi iwiri isanakwane, pa chaka chimodzi muyezeni ngati wa miyezi 10. Pali autism, vuto la kakulidwe ka ubongo, imene imaoneka pa kusaloza, kusacheuka poitanidwa ndi kusasewera mobwezerana. Palinso ana, pafupifupi 7 mwa 100 malinga ndi kafukufuku wa ku America ndi ku England, amene amamva bwino, ndi anzeru, koma chinenero chokha chimawavuta mpaka kusukulu.

Zina zimanamiziridwa. Kamnofu ka pansi pa lilime kakafupika kamatha kuvutitsa poyamwa kapena potchula malembo ena, koma sikaletsa mwana kudziwa mawu, ndipo kukadula kunyumba kumangobweretsa magazi ndi matenda. Anyamata amatsalira pang'ono, koma kusiyanako n'kwa mwezi kapena iwiri, osati chaka. Kunena kuti bambo ake anachedwanso ndi chifukwa choyezetsera msanga, popeza mavutowa amayenda m'magazi. Chibwibwi chimayamba pakati pa zaka 2 ndi 5 mwa ana pafupifupi 5 mwa 100, ndipo ambiri chimawathera chokha. Musamumalizire mawu kapena kumuuza kuti apume kaye. Chikapitirira miyezi 6, kapena akayamba kulimbana nacho n'kumaopa kulankhula, funani thandizo.

Uzani alangizi a zaumoyo kapena adokotala ngati mwana alibe maphatikizo pa miyezi 10, sakweza manja kapena kubayibitsa pa chaka, alibe liwu lililonse pa miyezi 16, saloza pa chaka ndi theka, kapena salumikiza mawu awiri pa zaka 2. Mwana wotaya mawu amene anali nawo kale, pa msinkhu uliwonse, asadikire tsiku la sikelo.

Mafunso amene akadali poyera

Mwa ana ochedwa pa zaka 2, ambiri amapeza anzawo asanayambe sukulu, ena ayi. Kumvetsa bwino ndi kuloza kumapatsa chiyembekezo, koma palibe muyeso umene ungalekanitse magulu awiriwa motsimikiza mwana akadali wamng'ono. Ndiye athandizidwe onse, kapena adikire ena? M'dziko limene akatswiri a kalankhulidwe ndi owerengeka ndipo ali m'mizinda, yankho lake likukhudza ndalama ndi maulendo a makolo.

Mawu amene mwana amangomva ali kumsana amamuphunzitsa zochuluka bwanji poyerekeza ndi olankhulidwa kwa iye mwini? Ofufuza a ku America ndi a m'midzi ya ku Mexico akupeza mayankho osiyana. Za foni, kodi vuto ndi kanemayo kapena ndi kucheza kumene kanemayo walanda malo, ndipo zikhala bwanji agogo akamacheza ndi mdzukulu pa vidiyo ya WhatsApp, pamene akuyankhana? Mzere ukhale pa theka la ana kapena pa 75 mwa 100? Nanga mawu 50 aja, amene anawerengedwa pa ana a Chingerezi, ndi mawu angati m'chinenero chimene "sindinamuone" ndi liwu limodzi?